Kompyuta, Akafula ndi alimi oyamba: mafunso ndi mayankho kuchokera ku Dedza

Ana asukulu, aphunzitsi ndi alendo obwera kudzaona mapanga a ku Chongoni akamva kuti akatswiri masiku ano amagwiritsa ntchito kompyuta pofufuza mmene ulimi unafalikira pakati pa anthu osaka nyama ndi kutola zakutchire, amafunsa mafunso ofanana ndithu. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ozama.

Kodi kompyuta ingadziwe bwanji zinthu zimene zinachitika isanapangidwe?

Siidziwa. Chimene katswiri amachita ndi kumanga kadziko koyerekezera m'kati mwa kompyuta. Amatenga mapu, n'kuwagawa m'timabokosi. M'timabokosi tambiri amaikamo magulu a alenje, m'kabokosi kamodzi kapena tiwiri amaikamo mabanja a alimi. Kenako amalemba malamulo ochepa: banja libereka ana angati, nthaka ya kabokosi kamodzi ingadyetse anthu angati, malo akachepa anthu asamukira patali bwanji, mlimi akakumana ndi mlenje chichitike n'chiyani. Akatero amailamula kuti iyendetse zaka, chaka ndi chaka, mpaka zikwi zingapo, iye n'kumaona pa mapu mmene alimi akufalikira.

Zili ngati bawo. Malamulo ake ndi ochepa, maenje ndi omwewo, koma masewero awiri safanana, ndipo yekhayo amene wasewera kambirimbiri ndiye amadziwa kuti kuyamba kwakuti kumakonda kuthera kwakuti. N'chifukwa chake katswiri sayendetsa chiyerekezo kamodzi. Amachibwereza maulendo zikwizikwi, uku akusintha lamulo limodzi kapena awiri, kenako amasankha zotsatira zimene zikufanana ndi zomwe zinafukulidwadi pansi.

Ndiye funso lenileni limene akufuna kuyankha ndi liti?

Ndi ili: chinayenda ndi anthu, kapena ndi nzeru? Ulimi ungafike kudera latsopano chifukwa alimi enieni asamukirako ndi mbewu zawo, mbuzi zawo ndi ana awo. Ungafikenso chifukwa eni dera, amene anali alenje, aona kwa anansi awo, apempha mbewu, ayamba kulima okha popanda mlendo aliyense kudzamanga mudzi. Njira ziwirizi zimasiya m'nthaka zinthu zofanana: mapale a mbiya, makala, mafupa a ziweto. Phale silinena ngati analiumba mlendo kapena mwana wa mlenje amene anaphunzira kuumba. Apa ndi pamene kompyuta imathandiza, chifukwa njira iliyonse ili ndi liwiro lake ndipo imasiya kasakanizidwe kake ka magazi mwa zidzukulu.

Kodi m'kompyutamo amaikamo manambala anji?

Akuluakulu ndi anayi.

Loyamba ndi kuchulukana. Alimi okhala pamudzi, okhala ndi phala lopatsa mwana woleka kuyamwa, amabereka pafupipafupi kusiyana ndi anthu oyendayenda amene mayi ayenera kubereka mwana kumsana ulendo wonse. Taonani masamu ake: anthu akamawonjezeka ndi 2 pa 100 aliwonse pachaka, amawirikiza kawiri pa zaka 35. Mudzi wa anthu 100, utakhala ndi nthaka yopanda malire, ungafike anthu oposa 100,000 pa zaka 350. Nthaka ili ndi malire, ndiye nambala yachiwiri ndi imeneyo: kuchuluka kwa anthu amene dera lingadyetse lisanagugire.

Lachitatu ndi mtunda wa pakati pa malo amene kholo linabadwira ndi malo amene mwana wake wabadwira. Nambala imeneyi ife a kuno tiyenera kuimvetsa msanga kuposa ena, chifukwa ndi nkhani ya ukwati. Pa chikamwini, mwamuna ndiye amachoka kwawo kukakhala kwa mkazi. Pa chitengwa, mkazi ndiye amayenda. Kuwonjezera apo pali kuswa mphanje munda wakale ukatopa, ndiponso kugawikana kwa mudzi abale akayambana kapena akachuluka. Palibe mmodzi mwa anthuwa amene amaganiza kuti ali pa msamuko waukulu. Mkamwini wangopita kutsidya la dambo, mphwake wa mfumu wangokamanga kuseri kwa phiri. Koma maulendo afupiafupiwa akaphatikizana m'mibadwo makumi, malire a minda amasuntha makilomita mazanamazana.

Lachinayi ndi kutembenuka: pa alenje onse oyandikana ndi alimi, ndi angati chaka chilichonse amene akuyamba kulima kapena kukwatirana ndi alimi. Nambala iyi ndiyo yovuta kuposa zonse, ndipo ndiyo imene ofufuza amafuna kuti kompyuta iwathandize kupeza.

Nanga zaka zimene amayerekezera nazo amazitenga kuti?

Makamaka kuchokera ku makala, mbewu zopserera ndi mafupa. Chamoyo chilichonse chimakhala ndi kaboni wa mtundu wotchedwa carbon-14, ndipo chikafa, kaboniyo amayamba kuchepa, theka lake n'kutha pa zaka pafupifupi 5,730. Poyeza wotsalayo amadziwa nthawi imene mtengo unadulidwa kapena nyama inafa. Malo aliwonse ofukulidwa amakhala kadontho pa mapu kokhala ndi chaka chake. M'zaka zaposachedwapa kwabweranso DNA, chizindikiro cha m'thupi chosonyeza chibale ndi makolo a munthu, yotengedwa m'mafupa akale, imene tikambe m'munsimu.

Anayambitsa njira imeneyi ndani?

Mu 1971 Albert Ammerman, wofukula zakale, ndi Luigi Luca Cavalli-Sforza, katswiri wa za chibadwa cha anthu, anatenga zaka za midzi yoyambirira ya alimi ku Ulaya n'kuziyala pa mapu. Ulimi wa tirigu ndi balere unayambira ku Middle East zaka zoposa 11,000 zapitazo, unalowa ku Greece pafupifupi zaka 9,000 zapitazo, n'kukafika ku Britain pafupifupi zaka 6,000 zapitazo. Awiriwa anapeza kuti unkayenda pafupifupi kilomita imodzi pachaka. Pa liwiro limenelo, kuchoka pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe kungatenge zaka zoposa 80, kutanthauza kuti woyamba ulendo sangauone mathero ake.

Pofotokoza liwirolo anabwereka masamu amene R. A. Fisher analemba mu 1937, n'kunena kuti alimi ankafalikira ngati funde: kutsogolo kwa funde anthu akuchulukana msanga chifukwa malo alipo, kumbuyo adzaza kale. Masamuwo ali ndi chinthu chimodzi chodabwitsa: kuti funde lithamange kawiri, kuchulukana kwa anthu kuyenera kuwirikiza kanayi. Mu 2005 Ron Pinhasi, Joaquim Fort ndi Ammerman yemweyo anabwerezanso kuwerengako ndi malo 735, ndipo anapeza liwiro la pakati pa makilomita 0.6 ndi 1.3 pachaka.

Ku Ulaya kuja anapeza kuti chinayenda ndi chiyani?

Makamaka anthu. Mu 2012 Fort anawerengera kuti pa liwiro la ku Ulaya, pafupifupi magawo 60 pa 100 anachokera ku kusamuka kwa alimi, ndipo 40 ku kuphunzira kwa alenje. DNA ya m'mafupa itayamba kuwerengedwa, inaonetsa kuti alimi oyambirira a pakati pa Ulaya anali zidzukulu za anthu ochokera ku Anatolia, dera la dziko la Turkey la lero, osati za alenje amene anawapeza. Mu 2025 gulu la pa yunivesite ya Penn State ku America linaphatikiza chiyerekezo cha pa kompyuta ndi DNA yakaleyo, ndipo linapeza kuti kutembenuka kwa alenje kunali kochepa kwambiri, maukwati a pakati pa magulu awiriwa osaposa atatu pa 100 aliwonse.

Mwaona kuti mayankhowo sakufanana ndendende. Si kuti wina ananama. Woyamba ankayeza liwiro lokha, enawa ankayezanso magazi, ndipo malamulo amene anaika m'kompyuta anali osiyana. Fundelo nalonso silinali losalala: m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean alimi ankadumpha ndi mabwato, n'kuthamanga kuposa a kumtunda, pamene kumpoto, cha ku Denmark, ulimi unaima zaka pafupifupi 1,000 pakhomo pa asodzi ndi alenje amene sanaufune msanga.

Zimenezo ndi za ku Ulaya. Nanga kuno kwathu?

Kuno nkhani yake ndi ya makolo a anthu olankhula zinenero za Chibantu, zimene Chichewa ndi chimodzi mwa izo. Anayambira kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 mpaka 5,000 zapitazo. Pofika m'dziko lino, pafupifupi zaka 1,700 zapitazo, anali ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo ndiponso mbiya za milomo yokhuthala zimene akatswiri amazitcha za Nkope, potengera malo a ku Mangochi kumene Keith Robinson anazifukula. Mbewu za alimi a nthawi imeneyo m'chigawo chino cha Africa zinali mapira, mawere, mchewere, khobwe ndi nzama. Chimanga panalibe, chinachokera ku America zaka za m'ma 1500 zitayamba kale. Mbatata ya kachewere imene Dedza ndi Ntcheu zikudziwika nayo lero ndi ya dzulodzuloli.

Ziyerekezo za msamuko umenewu zilipo. Mu 2014 Thembi Russell, Fabio Silva ndi James Steele anagwiritsa ntchito zaka za carbon-14 pamodzi ndi mapu a nkhalango, mitsinje ndi madambo pofufuza njira zimene alimi anadzera. Mu 2015 gulu la Rebecca Grollemund linayerekezera mawu a zinenero za Chibantu zoposa 400 ndipo linapeza kuti anthuwa ankakonda kutsata malo a udzu amene anawazolowera, ndipo akalowa m'nkhalango yowirira ankachedwa. Mu 2019 Neus Isern ndi Fort anayesa masamu a funde aja pa ulendo wolowera kum'mwera chakum'mawa kwa Africa, n'kupeza kuti kusamuka kwa anthu ndiko kunali kwakukulu, ngakhale kuphunzira kwa eni dera kunathandizapo.

Vuto lathu ndi kuchepa kwa madontho pa mapu. Ku Ulaya malo oyezedwa zaka ndi ambirimbiri. Kuno madera aakulu ali ndi malo owerengeka chabe, ndipo kompyuta imangodzaza mipata ndi mizere yowongoka.

Kodi Akafula analikodi, kapena ndi nthano chabe?

Analiko. Agogo athu amasimba za anthu aafupi, Akafula kapena Abatwa, amene ankafunsa mlendo kuti "Mwandionera pati?" ndipo wanzeru ankayankha kuti wawaonera kutali. Nthanoyo yakometsedwa ndi osimba, koma pansi pake pali anthu enieni. Dera la Chongoni, limene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala. Zofiira, za mizere, madontho ndi zozungulira, akatswiri amati n'za alenjewo. Zoyera, za zilombo za Nyau ndi zizindikiro za chinamwali, n'za Achewa. Pamiyala yambiri zoyerazo zinapakidwa pamwamba pa zofiira.

Pansi pa miyala yomweyo pali umboni wina. J. Desmond Clark anafukula phanga la Mwana wa Chencherere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Gadi Mgomezulu, Mmalawi, anafukula malo angapo a ku Linthipe ndi Chongoni pa kafukufuku wake wa 1978 wokhudza chiyambi cha ulimi m'dera lino. Anapeza timiyala tosema tosongoka ta mivi ndi mipeni, mafupa a nyama zakutchire, ndiponso, m'nthaka ya pamwamba, mapale a mbiya osakanikirana ndi timiyala tomwe tija. Diana Crader, amene anasanthula mafupa a ku Chencherere, anaonetsa kuti usaki unapitirirabe m'phangamo m'nthawi imene alimi anali atakhazikika kale m'dziko.

Chifukwa chiyani Dedza imavutitsa kompyuta?

Chifukwa chiyerekezo chosavuta chimaganiza kuti funde likadutsa, kabokosi kasintha mtundu, nkhani yatha: dzulo alenje, lero alimi. Kuno sizinatero. Alimi atafika, alenje anakhalabe m'mapiri a Dedza kwa zaka mazanamazana, ndipo akatswiri ena amati mpaka cha m'ma 1800. Magulu awiri a anthu osiyana moyo anakhala m'kabokosi kamodzi kwa nthawi yaitali chonchi, ena kuphiri ena kudambo, ndipo mbiya za m'mapanga zikusonyeza kuti ankadziwana. N'zosavuta kuganiza uchi, nyama ndi zikopa zikutsika phiri, mbiya, ufa ndi mivi yachitsulo zikukwera.

Kabokosi ka m'ziyerekezo za kontinenti yonse kamakhala ka makilomita makumi mbali iliyonse. M'kabokosi kotere mungalowe nkhalango ya Chongoni, madambo a Linthipe ndi mbali ina ya mtsetse wotsikira ku Mtakataka, malo osiyana kuzizira, mvula, nthaka ndi kashembe. Mlimi wa mapira sakadawaona ngati malo amodzi. Ankasankha pamene khasu lake lingalowe, n'kusiya miyala ndi mapiri kwa eni ake.

Pali chinanso chimene ndimaona kuti n'cholakwika pa kugawa anthu pawiri. Mlimi wa ku Dedza mpaka lero amatola bowa, masuku ndi therere, amagwira ngumbi, amakumba mbewa. M'chaka cha njala tchire ndilo limamupulumutsa. Alimi oyamba, a minda yaing'ono ndi makasu ochepa, ayenera kuti ankadalira tchire kuposa ife. Ndiye mzere wa pakati pa mlimi ndi mlenje, umene kompyuta imaujambula mowongoka, pamoyo weniweni unali wokhotakhota.

Akatswiri akudziwa zimenezi. Ena ayamba kugwiritsa ntchito masamu amene poyamba ankafotokoza za magulu awiri a nyama okhala m'dera limodzi, kuti aone kuti alenje ndi alimi angakhalire limodzi zaka zingati gulu lina lisanazimirire. Dera lino ndi loyenera kwambiri kuyeserapo njira yotere.

Ndiye Akafula anatha bwanji? Anaphedwa?

Nthano zina za Achewa zimakamba za kulimbana, ndipo sitiyenera kuzitaya. Koma kompyuta yatiphunzitsa chinthu chimodzi chofunika pano: gulu laling'ono lingazimirire popanda nkhondo yaikulu. Alimi akamachulukana msanga, nkhalango ikamagwa, nyama zikamathawa, ndipo chaka ndi chaka mwana mmodzi kapena awiri a alenje akamakwatiwa kumudzi, pakatha mibadwo makumi gululo latha, ngakhale palibe tsiku limene munthu anganene kuti linathera apa.

DNA inabweretsa nkhani yolemera. Mu 2017 gulu la Pontus Skoglund ndi David Reich, mogwirizana ndi akatswiri a kuno, linawerenga DNA ya mafupa a ku Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika, ndi ku Chencherere kuno, kumene anthu ake anakhalako pafupifupi zaka 5,200 zapitazo. Anapeza kuti alenjewo anali pachibale ndi Asan, alenje a kum'mwera kwa Africa, ndipo mwa Amalawi a lero amene anayezedwa, magazi a alenjewo sanaoneke. Zimenezi zikugwirizana ndi msamuko wa anthu ambiri, osati kungophunzira ulimi kwa eni dziko. Tikumbukire kuti mafupa akalewo anali a anthu owerengeka, ndipo a ku Chencherere anamwalira zaka zoposa zikwi zitatu alimi asanafike.

Ngati magazi awo sakuoneka, ndiye kuti sanatisiyire kalikonse?

Ayi. Magazi, chinenero ndi miyambo siziyenda pamodzi nthawi zonse, ndipo umboni wake uli pafupi. Angoni a Maseko anafika ku Ntcheu ndi Dedza m'zaka za m'ma 1800. Lero ku Lizulu ndi ku Mtakataka anthu amalankhula Chichewa, koma ngoma, zibiya, ziwongo ndi ufumu wa Gomani ndi Kachindamoto zilipo. Wina atangoyeza chinenero anganene kuti Angoni sanafike. Atangoyeza magule anganene kuti Achewa anachoka. N'chimodzimodzi ndi Akafula: Achewa anasankha kujambula zachinamwali m'mapanga omwewo amene alenje anajambulamo, ndipo mwambo wa zopempha mvula umawakumbukira ngati eni nthaka oyamba. Kompyuta yowerenga magazi okha siingaone zimenezi.

Kodi mlenje angakane bwanji ulimi, pomwe ulimi uli bwino?

Funsoli timalifunsa chifukwa tinabadwira m'munda. Ulimi woyamba unali ntchito yowawa: kugwetsa mitengo, kusosa, kupalira, kuingitsa mbalame m'mapira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako kudikira miyezi ingapo osadziwa ngati mvula idula. Mlenje wa m'dera la nyama zambiri ankadya zosiyanasiyana ndipo chilala chikagwa ankangosamuka. Mafupa a alimi oyambirira m'madera ambiri a dziko lapansi amaonetsa mano obooka ndi matupi ofupikirapo kusiyana ndi alenje amene analipo iwo asanabwere. Ulimi unapambana chifukwa unkadyetsa anthu ambiri pamalo aang'ono, osati chifukwa munthu mmodzimmodzi ankakhala bwino. Onaninso yankho la manambala anayi pamwambapa.

Kodi zotsatira za kompyuta tingazikhulupirire?

Zikhulupirireni zikamakana kusiyana ndi pamene zikuvomera. Chiyerekezo chikaonetsa kuti palibe njira iliyonse imene kuphunzira kokha kungabweretsere magazi amene tikuwaona m'mafupa, umenewo ndi umboni wamphamvu. Koma chikafanana ndi mapu a zofukulidwa, chimangotanthauza kuti zikhoza kukhala kuti zinatero. Malamulo ena osiyana angathenso kubala mapu omwewo.

Chitsanzo chodziwika ndi cha chigwa cha Long House ku Arizona, kumene alimi a chimanga anakhala mpaka cha m'ma 1300. Ofufuza anaika m'kompyuta mvula ndi nthaka ya chigwacho chaka ndi chaka kuyambira 800, ndipo mabanja oyerekezera anachuluka ndi kuchepa mofanana ndi enieni. Koma pamapeto, m'kompyuta munatsala mabanja ena akulimabe, pamene anthu enieni anachoka onse. Kulephera kumeneko ndiko kunaphunzitsa kwambiri: nthaka ikadatha kudyetsa otsalawo, ndiye chinawachotsa si njala yokha. Mwina anatsatira abale awo. Ndani wa ife angakhale yekha pabwinja mudzi wonse utasamuka?

Ndine mphunzitsi. Kodi ndingayese zimenezi ndi ana anga?

Inde, aphunzitsi. Pulogalamu ya NetLogo, imene Uri Wilensky anaitulutsa mu 1999, ndi yaulere, ndipo mukangoitsitsa pa intaneti imagwira ntchito popanda netiweki. M'kati mwake muli ziyerekezo zokonzakonza, kuphatikizapo cha ku Long House chija, pansi pa dzina lakuti Artificial Anasazi.

Ngakhale popanda magetsi n'zotheka. Jambulani timabokosi pabwalo, nyemba zikhale alimi, timiyala tikhale alenje. Gwirizanani malamulo atatu kapena anayi, ponyani ndalama yachitsulo kuti isankhe kumene banja lisamukire, ndipo lembani kuti patenga mibadwo ingati kuti nyemba zifike kumapeto. Kenako ikani phiri pakati, timabokosi timene nyemba sizingalowemo, muone timiyala tikutsala pamenepo. Ana akayamba kutsutsana kuti lamulo lakuti si lachilungamo, asiyeni atsutsane, chifukwa akatswiri nawonso amakangana pa mfundo yomweyo.

Ndikapeza mapale, mafupa kapena timiyala tosema m'munda kapena m'phanga, nditani?

Musakumbe, ndipo musatole n'kupita nazo kunyumba. Phale lochotsedwa pamalo pake lataya theka la nkhani yake, chifukwa chaka chake chimadziwika ndi makala ndi nthaka zimene linagona nazo. Jambulani chithunzi ndi foni, dziwani bwino malowo, uzani amfumu, ndipo nkhaniyo ifike ku dipatimenti ya boma ya Museums and Monuments kapena kwa oyang'anira malo a Chongoni. Lamulo la dziko lino limateteza zinthu zoterezi.

M'mapanga, musakoleze moto pansi pa zojambula, musazithire madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi, ndipo muwaletse ana kulemba mayina awo pamwalapo ndi makala kapena choko. Moto wa lero umasakaniza makala atsopano ndi akale, ndipo woyeza zaka akadzabwera adzapeza nambala yabodza.